Si tsempho, kamuyezetseni TB

Asisi, tikambeko za kwathu ku Phalombe. Mwana akayamba kutsokomola osasiya, kuwonda, thupi kumangotentha, apongozi chigamulo amakhala nacho kale: "Ndi tsempho ameneyu, mayi ake anayenda njira." Basi, mwana kwa asing'anga, mayi pa mlandu.

Ayi ndithu! Zizindikiro zimenezo n'zofunika kukayezetsa chifuwa chachikulu. Mwana wamng'ono nthawi zambiri amachitenga kwa wamkulu wa m'nyumba momwemo, ndipo TB imagwira amuna ambiri kuposa akazi. Nanga bambo amene atha miyezi iwiri akutsokomola n'kumati ndi fodya, bwanji iwo safunsidwa?

TB ya mwana imabisala chifukwa mwana satha kutulutsa makhololo ngati wamkulu. Katemera wa BCG uja amathandiza, koma satchinga kotheratu. Mankhwala ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo mwana wosakwana zaka 5 wokhala ndi wodwala TB amayenera kulandira mankhwala omuteteza ngakhale akuoneka bwinobwino.

Koma wobereka mwanayo kuchoka ku Nkhulambe mpaka ku Migowi ndi mayi yemweyo amene mwamutukwana. Abambo, mupite nawo, nanunso mukapereke makhololo.