Musatiloze Khomo Lotseka

Pali kamchitidwe koipa kamene kaloŵa m'maofesi ambiri a dziko lino, ndipo ife tikukakana poyera. Bungwe likafuna kuti anthu alipire kapena alembetse maina, limawatumiza ku pulogalamu ya pa intaneti ya kampani ina. Munthu wosaona akalephera kuigwiritsa ntchito, akuluakulu a bungwelo amangotambasula manja, amvekere pulogalamuyo si yawo. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza! Kampaniyo anaisankha ndani? Pangano anasaina ndani? Mfumu ikatuma nyakwaŵa, zolakwa za nyakwaŵayo zimakambidwa pabwalo la mfumu yomweyo.

Taganizirani bambo wosaona wa ku Usisya. Foni yake ili ndi TalkBack, imene imamuŵerengera mokweza mawu onse olembedwa. Koma wokonza pulogalamu akaika batani la chithunzi chokha, lopanda dzina, foniyo imasoŵa choti imuuze. Bamboyo amatsala ndi njira ziŵiri: kuulula nambala yake yachinsinsi kwa kamnyamata ka pagolosale, kapena kudikira Ilala kuti akapembedze kalaliki ku Nkhata Bay, ulendo wodya ndalama ndi masiku. Nanga mtsikana amene anaphunzira pa sukulu ya ana osamva ku Bandawe, kufupi ndi Chintheche, akauzidwa kuti akavutika aimbe foni, yankholo alimve ndi chiyani?

Ena amayesa kuti izi n'zachifundo chabe. Iyayi, ndi lamulo. Gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 Malaŵi anavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali. Ndime 9 ya panganolo imatchula intaneti mosapsatira, ndiponso imalamula Boma kuonetsetsa kuti nawonso makampani omwe si aboma, ngati akutumikira anthu onse, asatsekere kunja aulumali. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabwera latsopano limene linaika MACODA m'malo mwa MACOHA. Kalembera wa 2018 anapeza anthu aulumali oposa 1.5 miliyoni. Onseŵa tiwauze kuti mlandu wawo ukakambidwe ndi kampani imene sanaionepo ngakhale khomo lake?

Makinaŵa sitikudana nawo, pakuti apulumutsa ambiri ku maulendo a pabwato. Tikudana ndi ulesi wa amene amagula chinthu ndi ndalama za anthu osachiyesa. Bungwe lisanasaine pangano, liyambe laitana a Malawi Union of the Blind ndi a FEDOMA kuti ayese pulogalamuyo ndi manja awo. Ikawakanika, ndalama zisatuluke, ndipo zenera la kalaliki likhalebe lotsegula.

Inu apampando a nthambi za Chipani ku Kande, ku Mpamba, ku Chintheche ndi ku Usisya, yenderani abale athuŵa m'makomo mwawo. Lembani maina a mabungwe amene awabweza, mubwere nawo ku msonkhano wa boma.