Tisanagule simenti kapena matailosi a pansi pa malo athu amalonda

Ntchito za kumunda zachepa tsopano, mtedza ndi soya zagulitsidwa, ndipo ambiri a inu mwasunga kangachepe koyambira malonda. Ena mukumanga kagolosale pakhomo, ena mwapeza chipinda cha lendi pa Mitundu kapena pa Nathenje kuti mutsegule tiyirumu, malo osokera zovala kapena okonzera tsitsi. Pamisonkhano ya magulu athu timakamba kwambiri za malata, zitseko ndi katundu wodzaika m'mashelefu. Koma za pansi pamene tidzaponda tsiku ndi tsiku timangosiyira mmisiri, ngati kuti ndi nkhani ya abambo okha. Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za pansipo.

Denga likadontha, mmisiri amakwera n'kusintha lata limodzi malonda ali m'kati. Khoma likada, timalipaka laimu Loweruka madzulo. Koma pansi pakakumbika, pamafunika kutulutsa katundu yense ndi kutseka sitolo sabata yathunthu kapena kuposerapo. Ogula amene anazolowera kwa inu amakazolowera kwa mnzanu, pamene ngongole ya kubanki m'khonde ikudikira tsiku lake. Ndiponso kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, zipangizo zomangira zinakwera mtengo kwambiri. Palibe mayi amene angakwanitse kugwira ntchito imeneyi kawiri.

Tonse tinaphunzira kuzira kwa amayi athu, ndipo nyumba yozira bwino ndi ulemu wa mayi. Koma m'nyumba mumaponda anthu ochepa, pamene m'sitolo mumalowa anthu ochuluka ndi nsapato zamatope, ena atasenza matumba. Dothi limafumbutuka msanga, makoswe amakumba una kuseri kwa matumba a ufa, chiswe chimakwera m'miyendo ya mashelefu, ndipo m'dzinja chinyontho chimalowa mu shuga ndi mchere. Choposa zonse, pansi pa dothi sipakolopeka. Tikukumbukira kolera amene anayamba mu March 2022 ndi kupitirira mpaka 2023. Anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'chakudya, choncho mayi wogulitsa zakudya ayenera kukhala ndi malo oti angawatsuke ndi sopo ndi kolorini. Ku Mexico, boma la chigawo cha Coahuila linayamba m'chaka cha 2000 kuika simenti m'nyumba za anthu osauka zimene zinali ndi dothi pansi. Akatswiri atafufuza analengeza mu 2009 kuti m'nyumba zimene dothi lonse linachotsedwa, kutsegula m'mimba pakati pa ana aang'ono kunachepa pafupifupi ndi theka. Ife amayi ana athu amakwawa m'sitolo momwemo pamene tikugulitsa.

Posankha zoika pansi, yambani mwadzifunsa kuti malonda anu ndi otani. Golosale yogulitsa ufa, feteleza, mchere wa m'matumba ndi makireti a zakumwa ifuna simenti, chifukwa katundu wolemera akamagwetsedwa ndi kukokedwa amaswa matailosi. Simenti wosalazidwa bwino, wothiridwa ufa wofiira uja amisiri amautcha red oxide ndi kupakidwa polishi, amaoneka bwino ndipo amakhala zaka zambiri. Tiyirumu ndi malo okonzera tsitsi, kumene kumatayika madzi ndi mafuta, matailosi amathandiza pakuti sagwira litsiro. Koma musatengeke ndi matailosi onyezimira ngati galasi. Akanyowa amaterera, ndipo agogo atagwa m'tiyirumu mwanu nkhani yake idzamveka msika wonse. Sankhani okhakhala pang'ono, a mtundu wosayera kwambiri, poti dothi lathu la kuno ndi katondo ndipo limaonekera msanga pa zoyera. Kapeti ya pulasitiki ndi yotsika mtengo ndipo ingathandize telala m'chipinda cha lendi chimene muli kale simenti, popeza posamuka amaipinda n'kunyamula. Koma imang'ambika ndi miyendo ya mipando, imapsa ndi khala la mbaula, ndipo ikayalidwa pa chinyontho pansi pake pamachita nkhungu.

Tsono mvetsetsani apa, amayi anzanga. Kaya musankha simenti kaya matailosi, mphamvu yonse ili pa zimene zakwiririka pansi, zimene ogula saziona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Matailosi okongola oikidwa pa konkire yofooka amasweka chaka chisanathe. Ndalama zikachepa, ndi bwino kuthera zonse pa konkire yolimba n'kudzaika matailosi chaka chamawa malonda akayenda, kusiyana ndi kuchepetsa simenti kuti mupeze za matailosi.

Ntchito yabwino imayenda motere. Mmisiri achotse dothi la pamwamba limene lili ndi mizu ndi zinyalala. Athire zidutswa za njerwa kapena miyala ndi kuzisinja kwambiri mpaka zitakhazikika, kenaka ayale mchenga pamwamba. Apopere mankhwala a chiswe. Ayale pepala lakuda la pulasitiki lochindikala, m'mphepete mwake mutapindikira kukhoma, kuti chinyontho chisakwere. Amisiri ena amati pepalali ndi losafunika, koma inu musalole, makamaka ngati malo anu ayandikira dambo. Pamwamba pa pepalalo ndi pamene pabwere konkire yochindikala masentimita 10. Muyeso wake ndi ndowa 1 ya simenti, ndowa 3 za mchenga ndi ndowa 6 za miyala ya kwale, ndipo ndowa yoyezera ikhale imodzimodzi. Wosalazira pamwamba akhale ndowa 1 ya simenti pa ndowa 3 za mchenga wosefa. Pansi pa sitolo pakwere kuposa panja kuti madzi a mvula asalowe, ndipo patsetsereke pang'ono kuloza kukhomo kuti madzi okolopera azituluka okha.

Ntchito yotsatira ndi yathu amayi. Simenti amalimba ndi madzi, ndipo akauma msanga ndi dzuwa amachita ming'alu n'kuyamba kufumbuka. Thirani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo vundikirani ndi masaka onyowa. Konkire imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakapita masiku 28, choncho musafulumire kulowetsa matumba olemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mjigo uli patali, konzeranitu migolo ntchito isanayambe.

Musanapite kogula, yezani chipinda chanu ndipo mulembe m'kope. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi chili ndi masikweya mita 12. Pa miyeso ndatchulayi chidzadya matumba a simenti pakati pa 8 ndi 10. Ngati mufuna matailosi a masentimita 40 mbali zonse, chidzafuna 75, koma onjezani imodzi pa 10 alionse chifukwa ena amadulidwa m'makona ndipo ena amasweka, ndiye kuti mugule 83. Mayi wodziwa mawerengero akewa sapusitsidwa ndi wogulitsa kapena mmisiri.

Nanga tikagule kuti? Ambiri timaganiza kuti zabwino ndi zotchipa zili m'tauni mokha. N'zoona kuti m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe mtengo wa thumba umakhala wotsikirapo ndipo mitundu ya matailosi ndi yambiri. Koma kuchokera pa Mitundu kukafika m'tauni, kudzera msewu wa ku Bunda, ndi makilomita oposa 30. Werengerani ulendo wanu wopita ndi wobwera, galimoto yonyamula katundu, anyamata okweza ndi kutsitsa, ndiponso tsiku lathunthu limene malonda anu aima. Thumba lililonse limalemera makilogalamu 50, choncho matumba 10 ndi theka la tani, katundu woti minibasi singalole. Matailosi nawo amathetheka m'njira, ndipo osweka m'galimoto ya hayala palibe amene adzakubwezereni. Mukaphatikiza zonsezi, kawirikawiri mudzapeza kuti hadiweya ya pamsika pathu pomwepa siikudula monga munkaganizira. Ngolo kapena wilibala ifikitsa katundu pakhomo.

Ubwino wina wa wogulitsa wapafupi ndi wakuti amakudziwani ndipo inu mumamudziwa. Ana ake amaphunzira ndi ana anu, ndipo pamaliro mumakumana. Simenti akaperewera ntchito ili m'kati, mwana amathamanga kukatenga thumba lina konkire isanaume. Thumba likapezeka loipa, mumabwerera nalo tsiku lomwelo. Ambiri amalola kuti muzilipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo mwawo, n'kudzatenga tsiku loyamba ntchito. Njira imeneyi ndi yabwino, pakuti simenti sachedwa kuwonongeka akasungidwa m'nyumba mwathu. Koma chilichonse chimene mwalipira chilembedwe pa lisiti: tsiku, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake, ndiponso ngati mtengo udzasinthe kapena ayi. Kudziwana sikuletsa kulemba.

Safunsa anadya phula, choncho yendani m'mahadiweya awiri kapena atatu ndi mafunso anu. Simenti wa m'dziko muno amapangidwa ndi makampani monga Shayona ku Kasungu, Cement Products ku Njereza m'boma la Mangochi ndi Portland ku Blantyre, ndipo wina amachokera ku Zambia. Pathumba yang'anani chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, tsiku limene anapangidwa, ndi nambala ya mphamvu yake. Wa konkire akhale wa 32.5 kapena 42.5. Alipo wina wotsika mtengo amene anapangidwira kumangira njerwa ndi kupaka pulasitala basi. Ameneyo si wa pansi. Simenti amene wadutsa miyezi 3 chipangidwire amayamba kuchepa mphamvu. Gwirani thumba m'makona: ngati muli zibuma zolimba zosafumbutuka ndi chala, analowa chinyontho. Onaninso mmene wogulitsa amasungira katundu wake. Matumba ayenera kusanjidwa pa matabwa, osagunda khoma. Thumba looneka ngati linatsegulidwa n'kusokedwanso pemphani kuti aliike pa sikelo. Wogulitsa wokhulupirika sakwiya ndi mafunso otere.

Matailosi ambiri amachokera kunja, monga ku Tanzania, Zambia ndi South Africa, ndipo mtundu umene ulipo lero mwina sudzapezekanso mwezi wamawa. Gulani onse pakamodzi, ndipo onani kuti manambala a pamakatoni ndi ofanana, chifukwa a dzina limodzi koma opangidwa nthawi zosiyana amasiyana maonekedwe. Tsegulani katoni iliyonse pamaso pa wogulitsa. Funsani ngati ndi a pansi, poti a kukhoma ndi opyapyala ndipo sapirira kupondedwa. Dontheza madzi kumsana kwa tailosi ndi njira yosavuta yoyesera: amene amamwa madzi msanga ndi ofewa, amene madzi amakhalitsa pamwamba ndi olimba. Gwirizananinso ngati adzalandire makatoni osatsegula amene atsale, koma ochepa musunge okonzera mtsogolo.

Mchenga nawo musaunyozere. Wa kumtsinje ndiwo wabwino pa konkire. Thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani ndi kulisiya usiku wonse. Mukaona matope ochindikala pamwamba pa mchengawo, dziwani kuti udzafooketsa simenti wanu.

Wogulitsa wapafupi amadziwanso amisiri a m'dera lino, amene amagwira bwino ndi amene amathawa ntchito isanathe. Mufunseni, koma pitani mukaone ndi maso anu pamene mmisiriyo anagwirapo zaka ziwiri zapitazo, osati pa mwezi watha. Ngati anaika matailosi, gogodani ndi ndalama yachitsulo. Polira ngati ng'oma ndiye kuti pansi pake pali mphako. Malipiro ake agawidwe patatu: poyamba, pakati, ndi pomaliza mutakhutira. Tsiku losakaniza konkire mukhalepo inu eni kapena bambo a kunyumba, ndipo muwerenge matumba opanda kanthu madzulo.

Inu amene muli m'chipinda cha lendi, kumbukirani kuti simenti sasamuka. Musanaike kanthu, khalani pansi ndi eni nyumba pamaso pa mboni, ndipo mulembe kuti ndalama zimene muwononge zidzachotsedwa pa lendi ya miyezi ingati, ndi kuti sadzakutulutsani kapena kukweza lendi nthawiyo isanathe. Amayi angapo alira atakongoletsa chipinda cha eni, mwini wake n'kuchipereka kwa wina wolipira zambiri.

Pomaliza, mutu umodzi susenza denga. Ngati m'gulu mwanu muli amayi atatu kapena anayi ofuna kumanga chaka chino, pitani limodzi kwa wogulitsa mmodzi. Wogula matumba 30 amamveka mawu kuposa wogula 8, ndipo ngolo, mchenga ndi miyala mungagawane mtengo wake. Kambirananinso ndi abambo kunyumba mutatenga kope lanu la mawerengero, kuti ndalama za simenti zisasanduke za zina. Ntchitoyi ithe mvula isanagwe.

Sabata yamawa tidzakambirana za kasanjidwe ka katundu m'golosale, kuti sopo ndi parafini zisanunkhitse ufa ndi shuga.