Akamberembere Asadyere pa Thukuta la Msilikali

Pa Goliati, monganso m'midzi ina yozungulira minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo, banja limene lili ndi mwana ku usilikali limadziwika ndi aliyense. Malo olima ndi ochepa, ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula yokha, kotero malipiro a mwana mmodzi amene ali ku Cobbe Barracks ku Zomba kapena ku Moyale ku Mzuzu ndiwo amagula feteleza ndi kulipira sukulu ya abale ake ang'onoang'ono. Akamberembere nawonso amazidziwa zimenezi, ndipo mabanja otere awasandutsa munda wao.

Njira yao yoyamba ndiyo lamya. Mayi wachikulire amaimbiridwa ndi munthu wodzitcha mkulu wa asilikali, wotchula dzina la mwana wake molondola, nanena kuti mwanayo wavulala kutali ndipo pafunika ndalama msanga pa Airtel Money kapena Mpamba. Mayiyo sangaseke mawu otere, chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Congo pansi pa bungwe la United Nations. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mu 2019 bungwelo linamlemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu January 2025 enanso atatu anafa pomenyana ndi zigawenga za M23 ali m'gulu la SADC. Wakuba amene amatenga maliro ngati amenewa nkuwasandutsa nyambo yokolera kholo la msilikali ndi woipa kuposa wothyola nyumba usiku.

Chimene anthu ayenera kuuzidwa ndi chachidule. Msilikali akavulala pa ntchito amasamalidwa ndi gulu lake lankhondo, ndipo palibe mkulu weniweni wa asilikali amene angapemphe kholo ndalama za mankhwala kapena za galimoto pa nambala ya lamya ya munthu wamba.

Njira yachiwiri ndiyo yogulitsa malo a ntchito. Nthawi iliyonse imene Malawi Defence Force yalengeza kuti ikulemba achinyamata, kumatulukira anthu onena kuti ali ndi abwana ku Kamuzu Barracks amene angalowetse dzina la mwana pa mndandanda wopita ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Bambo amagulitsa mbuzi, mayi amapereka zonse zimene anapeza pa matimati a chaka chathunthu, ena amakongola katapira kwa kapitawo wa ku esiteti. Akuluakulu a asilikali achenjezapo kangapo konse kuti kulowa usilikali nkwaulere. Komabe mabanja obedwa ambiri amangokhala chete, poti amadziwa kuti nawonso anafuna kulowera pa khomo la kuseri, ndipo manyazi amenewa ndiwo amabisa mbavazo.

Pano mpofunika kulankhula mosapsatira kwa a Chipani. Wapampando wa nthambi kapena wa dera amene amauza anthu kuti khadi kapena nsalu ya Chipani ingagule malo ku usilikali, kapena amene amaperekeza munthu wotere m'mudzi, akunyozetsa Chipani ndi Boma lomwe. Gulu lankhondo ndi la Amalawi onse, ndipo mwana wa wothyola tiyi amene anakhoza mayeso ake ali ndi ufulu wopikisana ndi wina aliyense popanda kupereka tambala.

Ogwira ntchito m'Boma nawo ali ndi mbali yao, makamaka pa nkhani ya akazi amasiye. Fayelo ya ndalama za malemu ikagona miyezi pa tebulo la kalaliki, pakhomo pa ofesi pamaima munthu wovala jekete wolonjeza kuyendetsa zinthu msanga akapatsidwa kangachepe. Kuchedwa kwa kalaliki ndiko kumampatsa msika. Nkoyeneranso kufunsa kumene akubawa amapeza maina, maudindo ndi manambala a asilikali. Zina amazitola pa zithunzi zimene achibale amaika pa Facebook monyadira, koma zina zimatuluka pakamwa pa anthu osunga mapepala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye pa mndandanda wa milandu, ndipo ofesi ya Bwanamkubwa iyenera kulifotokoza kwa mafumu m'Chichewa ndi m'Chilomwe chomveka.

Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya lamya imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo apolisi anapezapo kuti mauthenga ena achinyengo ankachokera kwa akaidi a ku ndende ya Zomba. Choncho nambala imene yapempha ndalama ndi umboni, isafufutidwe. Apampando, mafumu ndi atsogoleri a mipingo a kwa Goliati agwiritse ntchito misonkhano ndi masiku a msika kuuza anthu kuti wolandira uthenga wotere ayambe wafunsa ku baraki ya mwana wake, kenaka apite nayo nambalayo ku polisi asanatumize kanthu.