Nyumba ya ku England kumene kunalembedwa buku la Zambezi

Nditabwerako ku England kumene ndinakaphunzira za ntchito ya wailesi, ambiri mwakhala mukundifunsa chimene ndinaona. Lero ndikuuzani za nyumba imodzi, Newstead Abbey, pafupi ndi mzinda wa Nottingham.

Poyamba inali nyumba ya amonke, yomangidwa cha m'ma 1170. Mfumu Henry VIII itaitseka mu 1539, malowo anapita m'manja mwa banja la Byron. Mlakatuli Lord Byron anaigulitsa mu 1818 chifukwa cha ngongole, koma chipilala chimene anamangira galu wake Boatswain chilipo mpaka lero. Ndinaseka ndekha: galu kukhala ndi manda oposa a mfumu ya mudzi! Kuzungulira nyumbayo kuli mahekitala oposa 100 a kapinga, maluwa, mitengo ndi maiwe, ndipo palibe mbuzi kapena phesi la chimanga. Kuyambira mu 1931 malowo ndi a mzinda wa Nottingham, ndipo aliyense amalowa akalipira.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. David Livingstone anakhala m'nyumbayi kuyambira mu 1864 mpaka 1865, ndipo ndi mmene analembera buku lake la mtsinje wa Zambezi, lonena za Tete ndi mathithi a Cahora Bassa amene anatsekereza sitima yake mu 1858. Mu 1874 kunafikanso Susi, wa ku Chupanga m'mbali mwa Zambezi, pamodzi ndi Chuma. Awiriwa ndiwo anatsogolera onyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo. Anajambulidwa chithunzi pomwepo atazungulira mapu ndi mabuku a malemuyo, pothandiza kulongosola za masiku ake omaliza.

Abale anga, dzina la munthu wa ku Zambezi lasungika kutsidya kwa nyanja, koma ndi angati mwa ana athu analimvapo? Azunguwo sanatipose nzeru, anangolemba ndi kusunga. Ife nkhalamba ikamwalira, mbiri ya mudzi imalowa nayo m'manda. Inu ana a sukulu, tengani kope madzulo ano, mukhale pansi ndi agogo. Afunseni kumene fuko lanu linachokera, amene anayamba mudzi, ndi kumene munathawira nthawi ya nkhondo. Mukalemba, tumizani kuno. Tionana sabata yamawa.