Mungu wa chimanga sudziwa malire a munda

Alimi anzathu, ambiri a ife tikuikumbukira njala ya 2002. Chimanga chambiri chathandizo chidachokera ku America, ndipo chidali chosakanikirana ndi cha GMO, chija akatswiri amachisintha chibadwa. Dziko la Zambia lidachikana, mtsogoleri wake Levy Mwanawasa n'kuchitcha poizoni. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe adachilandira, koma adafuna kuti chiyambe chapita kuchigayo. Chifukwa chake n'chodziwika kwa mlimi aliyense: munthu ukampatsa chimanga chamaso mvula ili pafupi, china adya, china adzala.

Mantha amene boma lidali nawo nthawi imeneyo ndi omwe tili nawo ife lero. Thonje la Bt lidayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013, ndipo pofika 2019 lidali litaloledwa kulimidwa. Chimanga cha GMO nachonso chayesedwa komweko. Koma thonje sitiphikira nsima.

Tisasokoneze GMO ndi haibulidi. Haibulidi ndi chimanga chokwatitsidwa ndi chimanga chinzake. Chimanga cha Bt adachiika kachidutswa ka chibadwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka, kuti mbewuyo izidzipangira yokha mankhwala opha mbozi. Amene tidaona ntchemberezandonda zikumaliza minda yathu mu 2017 tikumvetsa chifukwa chake ena akuchikhumbira, ndipo sitikuwanyoza.

Pa zaumoyo tinene zoona. Bungwe la WHO limati zakudya za GMO zimene zidavomerezedwa sizidaonetse kuti zimadwalitsa anthu, ndipo ku South Africa akhala akudya nsima ya chimanga chotere kwa zaka zoposa 20. Sitikukana. Koma chitsimikizo chimenechi n'cha mtundu umene udayezedwa n'kuvomerezedwa, osati mtundu uliwonse umene kampani ingabweretse. Nanga wosavomerezedwawo ukalowa m'thumba, adzautole ndani?

Zidachitika ku America komweko. Chimanga chotchedwa StarLink, cha kampani ya Aventis, chidaloledwa mu 1998 kukhala chakudya cha ziweto zokha, poti boma lidakayikira kuti mwina chingawenge anthu ena. Mu 2000 chidapezeka m'zakudya za anthu m'masitolo, ndipo mitundu ya zakudya yoposa 300 idachotsedwa pamsika. Madokotala a boma sadapeze umboni woti chidadwalitsa munthu. Komabe taganizani: chimangachi chidadzalidwa pa malo osakwana ekala imodzi mwa maekala 100 alionse a chimanga m'dzikomo, dziko la makina oyezera ndi nkhokwe zachitsulo, koma adalephera kuchipatula. Ife kuno, kumene venda amathira chimanga cha midzi isanu m'thumba limodzi, tidzatha bwanji?

Vuto lalikulu lili kumunda. Chimanga chimabereka ndi mungu wochokera kungayaye, umene mphepo imauulutsa n'kukautera pa ndevu za chimanga china. Nonse mudaonapo chisononkho choyera chili ndi maso achikasu kapena ofiirira chifukwa cha munda wa mnzanu. Pamenepo mtundu umakuuzani. GMO ilibe mtundu, ilibe fungo. Akatswiri amati pakhale mtunda pakati pa minda. Mtunda wake uti, pamene minda yathu ndi ya ekala imodzi kapena awiri ndipo imalekana ndi mzere umodzi wokha? Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, ofufuza adalengeza mu 2001 kuti apeza zizindikiro za GMO m'chimanga chamakolo cha alimi a ku Oaxaca, pamene kudzala GMO kudali koletsedwa. Padali mtsutso waukulu, koma kafukufuku wina wa mu 2009 adazipezanso.

Chimanga chathu chamakolo chimakonoleka bwino, chimalimba kwa anankafumbwe, ndipo mbewu yake timasankha tokha, kuisunga, n'kupatsana pachibale popanda kulipira aliyense. Chikasakanikirana, palibe lichero lopetera kuti chibwerere mwakale. Mlimi amene sadasankhe GMO adzakhala akuidya ndi kuidzala osadziwa.

N'chifukwa chake ife tikuti chimanga cha GMO chisaloledwe m'minda ya alimi mpaka mafunso athu atayankhidwa. Lamulo la Biosafety Act lilipo kuyambira 2002, koma ndi angati a ife adalimvapo m'Chichewa? Tikufuna zotsatira za kuyesako zifotokozedwe kumidzi, osati m'mahotela a ku Lilongwe mokha. Thumba lililonse la mbewu kapena ufa wa GMO lilembedwe moonekera. Chimanga cha GMO cholowa m'dziko muno nthawi ya njala chigayidwe chisadagawidwe. Ndipo boma linene poyera amene adzalipire mlimi mbewu yake ikaonongeka, kampani kapena mwini munda woyandikana naye.

Atsogoleri a makalabu, ikani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira, muitane mlangizi ndi phungu wa dera lanu, ndipo mayankho awo muwatumize ku ofesi ya bungwe lathu.