Mabanki athu asamangoonetsa mphatso, atiuze zomwe ngongole zawo zachita

Chaka chikamatha, mabanki amatulutsa malipoti okongola. Mumapezeka zithunzi za mabwana atavala masikipa a kampani, akudzala mitengo, akupereka madesiki kusukulu, kapena atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko. Mutu wa tsambalo umakhala wonena za kusamala anthu ndi chilengedwe. Palibe cholakwika ndi mphatso, ndipo mwana amene wasiya kukhala pansi m'kalasi amathokoza ndithu. Koma tinene zoona, mphamvu ya banki siili pa desiki. Ili pa ngongole. Ndiye tikafuna kudziwa ngati banki ikulemekeza ufulu wa anthu, tiyang'ane komwe ndalama zake zapita ndi zomwe zakachita kumeneko.

Titenge chitsanzo cha pafupi. Anthu a kwa T/A Champiti ku Ntcheu ndi madera oyandikana nawo amaudziwa bwino msewu wochoka pa Nsipe, kudzera pa Chingeni ndi Balaka mpaka ku Liwonde. Mu 2019 banki ya African Development Bank idavomereza ndalama zokonzera makilomita 55 a msewu umenewu, ngati gawo la njira yopita kudoko la Nacala ku Mozambique. Alimi ambiri a m'mbali mwa msewuwo alibe akaunti kubanki iliyonse. Komabe banki idawapeza okha pakhomo, chifukwa msewu ukamakula umadya munda wa munthu, mtengo wa mango, benchi yogulitsirapo tomato, mwina ndi chitsime.

Ena amati walira mvula walira matope, chitukuko n'chotero basi. Zoona, koma matopewo asamathere pa munthu mmodzi pomwe mvula ikupindulira dziko lonse. Gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti boma likafuna kutenga katundu wa munthu pa ntchito yokomera anthu onse, limudziwitse nthawi ilipo, limupatse chipukuta misozi choyenera, ndipo akhale ndi mwayi wokadandaula kubwalo la milandu.

Apa mabanki amakonda kunena kuti iwo adangobwereketsa, wolipira anthu ndi boma, wogumula ndi kontilakitala. Yankho limeneli lidatha ntchito. Mu 2011 bungwe la United Nations lidavomereza mfundo zoyendetsera bizinesi ndi ufulu wa anthu, zomwe adatsogolera kulemba ndi John Ruggie. Mfundozo zili patatu: boma liteteze ufulu, kampani iulemekeze, ndipo wolakwiridwa apeze pothawira. Kampani, kuphatikizapo banki, ikuyenera kufufuza isanatulutse ndalama, kuona amene angapweteke, n'kugwiritsa ntchito mphamvu zake kuti zoipazo zisachitike. Mphamvu ya wobwereketsa tonse timaidziwa. Akati ndalama sizituluka mpaka anthu atalipidwa, palibe thalakitala yomwe ingalire.

Mabanki amalonda nawo ali ndi mgwirizano wawo wotchedwa Equator Principles womwe udayamba mu 2003. Osainira amalonjeza kuti pa ntchito zazikulu, zoyambira madola 10 miliyoni a ku America, aziyamba aunika momwe ntchitoyo ikhudzire anthu. Muyeso womwe amatsata, wochokera ku International Finance Corporation, umati munthu alipidwe ndalama zokwanira kupezanso chomwe wataya, alipidwe asanachotsedwe, ndipo ngakhale wopanda chikalata cha malo asatayidwe. Standard Bank Group, kholo la Standard Bank ya kuno, idasaina mgwirizanowu mu 2009. Papepala zonsezi n'zabwino. Vuto limayamba pepalalo likafika kumudzi.

Poyamba pali nkhani ya mwini munda. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu malo amatsata kuchikazi, ndipo bambo amakhala mkamwini. Koma olemba mayina akafika, kawirikawiri amafunsa kuti mutu wa banja ndani. Dzina la bambo likalowa m'kaundula, ndalama za munda wa mayi, womwe adausiyira agogo ake, zingathe kugwera m'thumba la munthu amene mawa angalongedze n'kubwerera kwawo. Banki yosamala imafunsa funso losavuta: pa mayina onsewa, amayi ndi angati, nanga minda ndi ya ndani?

Chachiwiri ndi wamalonda wa m'mbali mwa msewu. Aliyense woyenda pa M1 amadziwa kuti Ntcheu amadyetsa mizinda yathu kabichi, tomato ndi mbatatesi. Mayi wogulitsa pamsewu alibe chikalata, mwinanso wakhala m'malire a msewu momwe lamulo silimulola. Koma fizi ya mwana wake imachokera pomwepo. Kumuchotsa osamupezera pena n'kumulanda chakudya, ngakhale malamulo atanena kuti malowo sadali ake.

Chachitatu ndi nthawi. Mu Novembala 2023 Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Tayerekezani munthu amene nyumba yake adaiwerengera mtengo izi zisanachitike, n'kudzalandira ndalamazo patapita chaka. Simenti yakwera, malata akwera. Pamapepala walipidwa, koma nyumba sangamangenso. Banki, yomwe imadziwa bwino kuwerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku ikakhala kuti ndalama ndi zake, singanene kuti masamu amenewa ndi achilendo.

Kodi zidachitikapo kuti banki idayankhapo mlandu wotere? Inde. Ku Uganda, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa Kamwenge kupita ku Fort Portal adadandaula kuti ogwira ntchito pamsewuwo ankagona ndi atsikana aang'ono, ena mpaka kutenga mimba n'kusiya sukulu. Dandaulo lidafika kunthambi yofufuza ya World Bank, ndipo mu Disembala 2015 bankiyo idathetsa ndalama za ntchitoyo, n'kuvomera kuti nayo sidayang'anire bwino. Kholo lililonse lomwe msasa wa okonza msewu udamangidwapo pafupi ndi sukulu ya mwana wake likudziwa kuti nkhaniyi si ya ku Uganda kokha.

Ku Cambodia, banki ya ANZ ya ku Australia idabwereketsa ndalama kukampani ya Phnom Penh Sugar, yomwe minda yake ya nzimbe idali pamalo omwe mabanja mazanamazana adathamangitsidwapo. Mabanjawo adadandaula mu 2014, ndipo mu 2020 bankiyo idavomera kuwapatsa phindu lomwe idapeza pa ngongoleyo. Zidatenga zaka 6, koma zidaonetsa kuti wobwereketsa sangangosamba m'manja.

Tsono kwathu kuno mpata waukulu uli pa ngongole zing'onozing'ono. Ngongole yotsegulira kwale wophwanya miyala, yogulira esiteti, yomangira malo omwetsera mafuta, yambiri siifika madola 10 miliyoni. Chonsecho ndi yomwe imakhudza midzi tsiku ndi tsiku: fumbi, ming'alu ya nyumba, njira ya kudambo yotsekedwa, ana olembedwa ganyu m'minda. Apa palibe mgwirizano wakunja womwe ungatithandize. Zili m'manja mwa mabanki athu omwe, bungwe lawo la Bankers Association of Malawi, ndi Reserve Bank of Malawi yomwe imawayang'anira.

Sitikupempha zovuta. Banki iliyonse ilembe mu lipoti lake kuti ndi ngongole zingati zomwe idaunika pa nkhani ya malo ndi ya antchito, zingati zomwe idakana kapena kuimitsa, madandaulo angati omwe idalandira kuchokera kwa anthu omwe si makasitomala ake, ndi momwe adathera. Ikhale ndi nambala ya foni yomwe munthu wa kumudzi angaimbe n'kuyankhidwa m'Chichewa. Ndipo pa chikwangwani cha ntchito iliyonse, pansi pa dzina la wopereka ndalama, pazilembedwa komwe munthu angakadandaule.

Nanu a kwa Champiti, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Olemba mayina akabwera, funsani kuti ndalama za ntchitoyi zachokera kubanki iti. Pemphani pepala losonyeza zomwe akuwerengerani, ndipo lisungeni. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho kufunsa zimenezi kwa DC si mwano. Zikakanika kwa mfumu ndi kukhonsolo, kuli Malawi Human Rights Commission. African Development Bank nayo ili ndi nthambi yoima payokha yomva madandaulo, yomwe idakhazikitsidwa mu 2004, ndipo anthu wamba angathe kuilembera okha popanda loya.

Msewu wabwino tonse tikuufuna, ndipo wa Nsipe ndi wofunika kwa mlimi aliyense wofuna kufikitsa mbewu zake pamsika. Koma chaka chamawa lipoti lokongola lija likadzatuluka, tidzatsegule kupyola tsamba la zithunzi, tione ngati mayi uja wa tomato akutchulidwamo.