MAU A KALALIKI: Cingwe ca Galasi Ciribe Mkuwa

Sabata ino ndiri ndi nkhani ya cingwe.

Mwezi wathawu ndinali pa chuthi kwa amalume ku St Mary's, ku Chitungwiza. Iwo anacoka ku Dedza ali mnyamata, koma mlongo wao, amai anga aang'ono, akali kumudzi. Tsiku lina m'mawa unafika uthenga wakuti amaiwo adwala kwambiri, ndipo pafunika ndalama za galimoto yowatengera ku cipatala. Tinathamangira ku masitolo a pa Huruyadzo kukatumiza ndalamazo, koma mtsikana wa pa windo anangotambasula manja, nati netiweki palibe. Tinadikira kufikira dzuwa litapendeka. Madzulo tinamva kuti anthu ena anafukula cingwe usiku m'mbali mwa mseu nacidula, poyesa kuti muli mkuwa wogulitsa. Atapezamo galasi lokha, anacitaya pomwepo. Ndalama zinapita m'mawa mwace ndipo wodwalayo anacira, koma usiku umenewo amalume sanagone tulo.

Iwo anandifunsa kuti, "Mphwanga, iwe unaphunzira ku mishoni, tandiuza, galasi linyamula bwanji ndalama?" Cimene ndinawayankha ndico ndilemberanso inu.

Nonse mudziwa cingwe cokoka kheji m'shafuti, kuti ndi tiwaya tambiri topotedwa pamodzi. Cingwe ca mau naco ciri ndi timaulusi tambiri, koma ta galasi loyera koposa, toning'a ngati tsitsi. Mutandanda timaulusi 8 ndiye mwakwanitsa milimita imodzi. M'kati mwace simuyenda magetsi ai, muyenda kuwala kothwanima mofulumira, ndipo kuthwanimako ndiko kunyamula mau, zithunzi ndi ciwerengero ca ndalama. Tiwaya ta kheji tithandizana katundu mmodzi, koma m'cingwe ici ulusi uli wonse ndi mseu paokha.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. M'caka ca 1966 Bambo Charles Kao, akugwira nchito ku England, anaonetsa kuti galasi litayeretsedwa bwino lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali. Mu 1970 kampani ya Corning ku America inapanga galasi lotere, ndipo mu 1988 cingwe coyamba ca galasi cinaoloka nyanja ya Atlantic. Ca kuno, mu 2009 cingwe ca SEACOM cinafika ku Maputo ndi ku Mtunzini, ndipo ca EASSy cinatsatira mu 2010. Popeza Zimbabwe ndi Malawi alibe gombe la nyanja yamcere, zingwe zao ziyenda pamtunda kukakumana ndi za m'nyanjazo. Za ku Harare zidzera ku Beitbridge ndi ku Mutare, ndipo ku Malawi zina zinapacikidwa pa mitengo ya magetsi ya ESCOM.

Tsono tamvani za kuculuka kwa timaulusi. Inu okumba mudziwa kuti codula ndi dzenje. Kukumba ngalande ndi kuika paipi kudya ndalama zambiri kuposa galasilo, cotero amisiri ayesetsa kulonga timaulusi tambiri m'paipi imodzi yomweyo. Amamata timaulusi 12 pamodzi ngati kalamba, napinda timalambato, naticinjiriza m'cikopa cimodzi. Zingwe za m'miseu kawirikawiri zikhala ndi timaulusi 24, 48 kapena 144, koma zolumikiza nyumba zazikulu za makompyuta ziripo za 3,456 ndi za 6,912, ndipo sizinenepa kuposa mpini wa piki. Kunsonga kwace aikako kapulagi kochedwa MPO, kamene kalumikiza timaulusi 12 kapena 24 nthawi imodzi. Pansi pa nyanja napo ndi cimodzimodzi: cingwe ca 2Africa, ca makilomita 45,000, cimene cinafika ku Maputo ndi ku Nacala mu 2023, cinyamula timaulusi tofikira 32.

Za m'tsogolo nazo zayamba kale kuoneka. Amisiri ali kupanga ulusi umodzi wokhala ndi njira za kuwala ziwiri kapena zinai m'kati mwace. Ena ali kupanga ulusi wa mphako, cifukwa kuwala kuthamanga kwambiri mu mpweya kuposa m'galasi.

Zonsezi nzabwino, pakuti miseu ikaculuka anthu ambiri ayendamo osapanikizana. Koma bvuto lace nali: mau a anthu zikwizikwi akalowa m'cingwe cimodzi, piki imodzi iwatseka pakamwa onsewo. Pa 12 May 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka m'nyanja kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inabvuta ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Kulumikiza cingwe coduka si kumanga mfundo ai. Mmisiri ayenera kupeza ulusi uli wonse ndi mnzace poyang'ana mtundu wace, kuupukuta kuti pasakhale ndi kafumbi komwe, ndi kuuwocherera ndi makina. Wodula atha nchito yace m'kamphindi, wokonza acezera usiku wonse.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu, abale anga. Coyamba, mukapita kwanu kauzeni anyamata kuti cingwe ca galasi ciribe mkuwa, ndipo wogula zitsulo sadzawapatsa ndi kobiri lomwe. Caciwiri, ku Chitungwiza madzi abvuta ndipo ambiri akumba zitsime; mukakumba m'mbali mwa mseu nimuona paipi ya pulasitiki kapena kansalu ka cenjezo m'nthaka, ikani piki pansi muyambe mwafunsa. Cacitatu, amene muli ndi mwana wa maso akuthwa ndi manja osanjenjemera, mganizireni za nchito yolumikiza timaulusi, pakuti tikaculuka pafunikanso manja ambiri, ndipo ndi nchito ya pamtunda.

Amalume atamva zonsezi anangoti, "Cikhala kuti anaba mkuwa ndikadati ndi njala. Koma kudula mau a anthu cabe!" Ine ndinasowa cowayankha.

Tsalani bwino, tidzaonana sabata yamawa.

Ine wanu,
Kalaliki